Wakupha Tikumudziwa Dzina, Nanga Ophedwa Aja?

Sabata ino ndafuna kuti tilingalire nkhani imene ili m'mafoni mwathu ngakhale sitikonda kuikamba pagulu.

Masiku apitawa ndinali pa siteji ya pa boma pano, kudikira kuti minibasi ya ku Blantyre idzaze. Pampando wa kumbuyo kwanga panali anyamata atatu, mitu pamodzi, maso onse pa foni imodzi. Ankaonera filimu ya moyo wa Jeffrey Dahmer, munthu wa ku America amene anapha amuna ndi anyamata 17 pakati pa 1978 ndi 1991. Anyamatawo ankamudziwa bwino munthuyu: mzinda umene ankakhala, magalasi amene ankavala, ngakhalenso m'mene ankanyengerera anthu kuti apite nawo kunyumba kwake. Mmodzi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma mkuluyu anali dolo." Ndinacheuka n'kuwapempha kuti anditchulire dzina la munthu mmodzi yekha mwa ophedwa aja. Anangoyang'anana. Sindinawaseke, pakuti nanenso tsiku limenelo sindikanatha kutchula ngakhale dzina limodzi.

Chidwi chotere sichinabwere ndi mafoni, ndipo nkhani zotere si za kunja kokha. Agogo athu amakumbukira za ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, kumene pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobweko ndi madera oyandikana nako. Mantha anagwira mzinda wonse. Kunabuka mphekesera yoti boma likutumiza magazi a anthu ku South Africa pobweza ngongole. Munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa anagwidwa mu 1970, ndipo bwalo linamuweruza kuti aphedwe. Patapita zaka zambiri, anthu a ku Ndirande nawo anagona ndi mantha kaamba ka chigawenga chimene anachipatsa dzina loti Nachipanti. Dzina limeneli linafika m'dziko lonse, mpaka linasanduka nthabwala imene anthu ankaopsezana nayo pocheza. Koma funsani lero kuti amene anavulazidwa ndi kuphedwa ku Ndirande anali ayani, anasiya ana angati, ana amenewo anakula bwanji. Mudzapeza anthu ochepa kwambiri oti akuyankheni.

Ife a ku Mwanza tiyenera kukhala oyamba kuona kuti pamenepa pali cholakwika. Dzina la boma lathu linamveka m'dziko lonse chifukwa cha imfa za anthu anayi amene anaphedwa ku Thambani mu May 1983: nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga. Imeneyi inali nkhani ya ndale, yosiyana ndi imene tikukamba lero. Komabe ikutiphunzitsa kanthu. Pa nkhani ya ku Thambani, maina amene timawasunga pamtima ndi a ophedwa, ndipo n'chifukwa chake tikaikumbukira timamva chisoni ndi mkwiyo woyenera. Pa nkhani za anthu opha ambiri timatembenuza zinthu: wakupha ndiye amakhala mwini nkhani, ophedwa amangokhala chiwerengero. Pamene filimu ya Dahmer inatuluka pa Netflix mu 2022, abale ena a ophedwa anadandaula poyera kuti sanafunsidwe, ndiponso kuti mabala awo anatukulidwanso kuti ena apeze chosangalalira ndi ndalama.

Sindikunena kuti kufuna kudziwa za anthu oterewa n'kulakwa. Munthu aliyense amafuna kumvetsa chimene chingamupweteke, monga m'mene mwana amafunsira za njoka ndi afisi. Vuto ndi lakuti mafilimu ndi nthano zimenezi zimatiphunzitsa phunziro labodza. Zimationetsa wakupha ngati chilombo chapadera, chanzeru zodabwitsa, cha maso oopsa, chochokera kutali. Tikatha kuonera timadzimva otetezeka, poganiza kuti munthu wotere tingamuzindikire akadali patali. Choonadi chake n'chakuti ambiri a iwo ankaoneka ngati wina aliyense, ndipo ena anali aulemu ndi olankhula mokoma.

Taganizirani za Moses Sithole wa ku South Africa. Mu 1997 bwalo linamupeza wolakwa pa milandu 38 ya kupha ndi 40 ya kugwiririra, ndipo anamulamula kukhala m'ndende zaka 2,410. Ambiri mwa amayi amenewa anawapha mu 1994 ndi 1995 m'madera ozungulira Johannesburg ndi Pretoria. Chida chake choyamba sichinali mpeni. Ankavala bwino, nalankhula ngati bwana, nalonjeza ntchito kwa amayi amene ankasakasaka pogwira, kenaka n'kuwatengera kumalo opanda anthu ponamizira kuti akupita nawo ku ofesi. Ankadzionetsanso ngati mtsogoleri wa bungwe lolimbana ndi nkhanza. Ndipo asanayambe kupha amayiwa anali atakhalapo kale m'ndende pa mlandu wogwiririra. Nkhani imeneyi ikutikhudza ife kwambiri, pakuti msewu wopita ku Joni umadutsa pakhomo pathu pomwe, kudzera pa chipata cha Mwanza kulowera ku Zobue ndi ku Tete. Ndani mwa ife alibe mlongo kapena mnzake amene anakwera basi chifukwa cha lonjezo la ntchito lochokera kwa munthu amene anangomudziwira pa WhatsApp?

Tsono funso limene ambiri amafunsa ndi ili: kodi pali zizindikiro zimene zingatichenjeze msanga? Mu 1963 dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, John Macdonald, analemba za zinthu zitatu zimene anaziona m'mbiri ya ubwana wa odwala ena amene ankaopseza kupha anzawo: kuzunza nyama, kukonda kutentha zinthu, ndi kukodza pogona mwana atakula kale. Zinthu zitatuzi zinatchuka kwambiri, ndipo mpaka lero zimatchulidwa m'mafilimu ngati chinsinsi chodziwira chigawenga cha m'tsogolo. Koma akatswiri amene anafufuza pambuyo pake sanapeze umboni wokwanira woti zitatuzi zimalosera kuti mwana adzakhala wakupha. Makamaka kukodza pogona sikukhudzana ndi nkhanza; ndi vuto la thupi kapena la mantha, ndipo mwana wotere amafunika chipatala ndi chifundo. Chimene chimaoneka kawirikawiri n'chakuti mwana amene amazunza nyama mobwerezabwereza kapena kutentha zinthu dala, nthawi zambiri iye mwini akuzunzidwa kapena akuona nkhanza pakhomo. Chizindikirocho chimatiuza zambiri za zimene mwanayo akukumana nazo lero kusiyana ndi zimene adzachite mawa.

Apa mpofunika kusamala kwambiri, abale ndi alongo anga, chifukwa ife Amalawi tikudziwa kumene kuloza zala kumatifikitsa. Mu January 2016, m'boma la Neno, limene kale linali gawo la Mwanza, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndi amene analodza mtsikana amene anaombedwa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Amene anapha anthuwa ankakhulupirira kuti aona zizindikiro. Anaona ukalamba, anaona nkhope yachilendo, anaona munthu wodwala kapena wosakonda kucheza, n'kugamula mlandu pomwepo. Posaka chilombo, iwo eni anakhetsa magazi. Choncho tisamaone ngati chizindikiro maonekedwe a munthu, umphawi wake, matenda ake a maganizo, kufatsa kwake kapena kwawo kumene anachokera. Odwala matenda a maganizo ambiri sapweteka aliyense. Kawirikawiri iwo ndiwo amachitiridwa nkhanza.

Zizindikiro zenizeni zili m'zochita zimene tingazione ndi kuzitchula. Mnyamata wogenda galu kuti amuthamangitse pa nsima ndi wosiyana ndi amene amamangirira galu kapena mphaka n'kumamuzunza pang'onopang'ono kwinaku akuseka. Pali amene amakondwa akaona mwana wamng'ono akulira ndi ululu umene iye wamupatsa. Pali amene amalonda bwenzi lake, kumulanda foni, kumuletsa kucheza ndi abale ake, ndi kumuuza kuti akadzamusiya adzamupha. Pali amene anakakamizapo kale mtsikana ndipo nkhaniyo inathera pa kulipirana mbuzi. Palinso chizindikiro china chimene ambiri sitichidziwa kulemera kwake: kukanyanga munthu pakhosi. Kafukufuku wa ku America amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake kapena bwenzi lake amakhala pa chiopsezo chophedwa chochuluka pafupifupi ka 7 kuposa mkazi wozunzidwa amene sanachitidwepo zimenezi. Nanga ndi kangati tamva mnzathu akunena kuti, "Anangondigwira pakhosi, koma anapepesa," ife n'kumuyankha kuti banja ndi kupirira?

Ambiri ochita zimenezi sadzafika popha anthu ambiri ngati Sithole, ndipo tisawapatse dzina limenelo. Koma chilichonse mwa zinthuzi ndi nkhanza kale, ndipo pali munthu amene akuvutika nazo lero lomwe. Sitiyenera kudikira maliro kuti tivomere kuti zinali zoopsa.

Tibwererenso kwa Dahmer, pakuti m'nkhani yake muli anthu amene anayenera kutchuka kuposa iye. Usiku wina mu May 1991, mumzinda wa Milwaukee, mnyamata wa zaka 14, Konerak Sinthasomphone, anathawa m'nyumba ya Dahmer ali wamaliseche, wovulala ndiponso wosokonezeka. Atsikana a m'deralo anamuona ndipo anaitana apolisi. Dahmer anafika modekha, nauza apolisiwo kuti mnyamatayo ndi wamkulu, ndi bwenzi lake, ndipo wangoledzera. Apolisi anakhulupirira bambo wolankhula mwaulemuyo, nanyalanyaza atsikana aja, ndipo anamubweza mwanayo m'nyumba momwe anathawa. Anaphedwa usiku womwewo. Apolisiwo akanafufuza, akanapeza kuti Dahmer anali ataweruzidwa kale pa mlandu wochita zachipongwe kwa mkulu wake wa mnyamata yemweyo. Mayi wina wa m'deralo, Glenda Cleveland, anaimbiranso apolisi kuwaumiriza kuti amene anamubwezayo anali mwana, koma sanamumvere. Dahmer anaphanso anthu ena anayi asanagwidwe mu July chaka chomwecho. Zizindikiro zinalipo, oziona analipo, ndipo analankhula. Chimene chinasowa ndi khutu lowamvera.

Nanga ife tichite chiyani? Choyamba, tikhale khutu limenelo. Mwana akatiuza kuti amalume ena amamuitanira m'chipinda, kapena mnzathu akatiuza kuti akuopa chibwenzi chake, tisathamangire kunena kuti, "Aja n'ngaulemu, sangachite zimenezo." Ulemu wa pagulu sutsimikizira khalidwe la kuseri. Chachiwiri, tidziwe kopita. Ku polisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ku boma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo pali nambala yaulere ya 116 yoimbira pa nkhani za ana. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, komanso lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010. Kukanena kumalo amenewa kumateteza wozunzidwa, ndipo kumatetezanso woganiziridwayo ku chiweruzo cha gulu. Chachitatu, mlongo wathu akapeza lonjezo la ntchito kutali, timuthandize kufunsa: ntchitoyo ili kuti, mwini wake ndani, alipo wina wodziwika amene anagwirako? Asapite yekha kukakumana ndi munthu wosamudziwa, ndipo wina kunyumba adziwe kumene wapita. Safunsa anadya phula.

Chachinayi n'chokhudza mwana uja wozunza mphaka. Tisamuseke ngati wachita zaukatswiri, komanso tisamutche mfiti kapena chigawenga. Timuletse, tikhale naye pansi, tifufuze zimene zikuchitika kwawo, ndipo tiuze makolo, aphunzitsi kapena alangizi amene angamuthandize. Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira nkhanza akhoza kuphunziranso chifundo ngati wina amufikira nthawi ikadalipo.

Minibasi ija itadzaza, mmodzi mwa anyamata aja anandikodola paphewa tili cha pa Zalewa. Anali atafufuza pa foni yomwe ija, ndipo anandiwerengera dzina la Konerak movutikira, chilembo ndi chilembo. Kenaka anati, "Achimwene, mwanayu anali msinkhu umodzi ndi mng'ono wanga." Anazimitsa foni, ndipo sanalankhulenso mpaka tinafika ku Blantyre.

Sabata ino, pamene tikuyenda m'midzi ndi m'misika yathu, aliyense adzifunse ngati pali wina amene anamuuzapo kuti akuopa, iye n'kungomuyankha kuti apirire. Ngati alipo, tiyeni timufunefune, timufunsenso bwinobwino, ndipo ulendo uno timuperekeze kumene angapeze thandizo.