Tepi yakuda si mmisiri

M'mabanja athu ambiri kunja kuno muli mwana mmodzi amene amadziwika kuti ndi wa manja. Foni ikavuta amaitanidwa ndi iye, ketulo ikasiya kutentha ndi iye. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kumene kuthimathima kwa magetsi kwachititsa anthu kugula mabatire, ma inverter ndi mapanelo a sola, mwana yemweyo wasanduka mmisiri wa magetsi wa banja lonse. Amaonera kanema pa YouTube, n'kutenga pulayazi ndi tepi yakuda, n'kuyamba kulumikiza mawaya. Ngati mwana ameneyo ndi inu, tikukunyadirani. Koma tili ndi pempho limodzi: polumikizira nthambo za magetsi amphamvu musapange nokha.

Nthambo ya magetsi kawirikawiri sivutira pakati. Imavutira pamene yadulidwa n'kulumikizidwa. Mawaya opotana ndi manja amagundana pamalo ochepa chabe, ndiye magetsi podutsa pamenepo amatenthetsa joini. Kutenthako kumafewetsa tepi, guluu wake amauma, chinyezi chimalowa, ndipo joini imatentha kuposa kale. Zimenezi zimachitika mwakachetechete kwa miyezi, kudenga kapena kuseri kwa kabati, mpaka tsiku la moto.

Tepi yakuda yogula kusitolo nthawi zambiri imalembedwa kuti ndi ya mavolti osapitirira 600. Ikapyola pamenepo, nkhani imasintha. Mpweya wouma umagonja pa mavolti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi, choncho magetsi amphamvu sadikira kuti muwakhudze, amalumpha. Kampweya kakang'ono kotsalira pansi pa tepi kamayamba kuthetheka mkati ndipo kamadya chophimbacho pang'onopang'ono. N'chifukwa chake amisiri olumikiza nthambo za mavolti 11,000, zonga zimene zimafika pa thiransifoma ya m'dera lanu, amagwiritsa ntchito zida zopangidwira ntchitoyo: machubu ofwamphuka akatenthedwa, utomoni wothira, ndi zophimba zogawa mphamvu ya magetsi mofanana. Akamaliza amayeza joiniyo ndi makina asanayatse. Ntchito imeneyi anthu amaiphunzira payokha, si ya Loweruka masana.

Mwina mukuti kwanu kulibe magetsi otere. Alipo. Panelo imodzi ya sola imatulutsa mavolti 40 mpaka 50 ikakhala padzuwa. Mukalumikiza mapanelo 10 mondondozana, pa waya wotsika kudenga pali mavolti 400 mpaka 500, ndipo simungawathimitse dzuwa likuwala. Magetsi a m'khoma amasinthasintha mbali, amafika pa ziro ka 100 pa sekondi m'mayiko ngati Malawi, South Africa ndi Britain, ndipo zimenezi zimathandiza kuti kuthetheka kuzime. A sola amayenda mbali imodzi, ndiye akayamba kuthetheka pa joini yosamanga bwino amayakabe ngati wowotcherera zitsulo. Mapulagi a MC4 amene amabwera ndi mapanelo amafuna chida chake chofinyira. Kuwadula n'kupota waya, kapena kukwatitsa mapulagi a makampani osiyana, n'kuika machesi padenga la makolo anu.

Kwa inu a ku United States ndi ku Britain, msampha wina uli pa intaneti. Pali makanema a anthu ojambula mizere yonga mphezi pa matabwa pogwiritsa ntchito thiransifoma yochotsa mu microwave yakale. Thiransifoma imeneyo imatulutsa mavolti pafupifupi 2,000, ndipo mawaya ake amalumikizidwa pamanja ndi tizopanira ta batire. Bungwe la American Association of Woodturners linaletsa mchitidwewu pa zochitika zake mu 2017, ndipo anthu oposa 30 afa nawo. Choopsa n'chakuti swichi yoteteza ya m'nyumba, imene imadula magetsi ikaona kuti mamiliampu 30 akuthawira pansi, siona zimene zikuchitika kuseri kwa thiransifoma. Munthu amagwidwa ndi nyesi, swichi ili chete.

Sitikulankhula ngati anthu osadziwa kumene mawaya a tepi amachokera. Ambiri mwa makolo athu atafika ku Johannesburg kapena ku Cape Town anakhala m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni ake, kumene chingwe chimodzi chimadyetsa mabanja asanu. M'madera ena magetsi amakokedwa mobisa ndi anthu amene kumeneko amawatcha izinyoka, mawaya n'kumayenda pansi pamene ana amasewera opanda nsapato. Munthu amene mapepala ake sali bwino sadandaula kwa mwini nyumba, amangowonjezera tepi. Kumeneko si kupusa, ndi umphawi ndi mantha. Koma inu munabadwira kapena kukulira kuno, chinenero cha kuno mumachidziwa, makalata mumatha kulemba. Ku South Africa lamulo limafuna kuti mawaya a m'nyumba akhale ndi Certificate of Compliance yoperekedwa ndi mmisiri wolembetsedwa. Ku England, Part P ya malamulo a zomangamanga yakhala ikuyang'anira ntchito za magetsi m'nyumba kuyambira 2005, ndipo eni nyumba zalendi ayenera kuyezetsa mawaya zaka 5 zilizonse. Mphatso yaikulu imene mungapatse makolo anu si joini ina, koma kufunsa pepala limenelo m'malo mwawo.

Wina atikumbutsa za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anapanga makina amphepo ndi zidutswa za njinga ali ndi zaka 14. Inde, ndi wathu, ndipo timamunyadira. Koma taonani bwino zimene anachita. Anayamba ndi magetsi aang'ono a dayinamo ya njinga. Anawerenga mabuku a mu laibulale asanakwere nsanja. Ataona kuti mawaya ake angathe kuyatsa nyumba, anapanga chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Luso lake linali ndi mantha oyenera mkati mwake, ndipo pambuyo pake anapita kusukulu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono chitani izi. Sewerani ndi mavolti 12 mmene mungafunire, phunzirani kuwotcherera waya, kuwerenga mita ndi kusankha fyuzi. Mukafika pa bokosi la magetsi a m'nyumba, pa mapanelo ondondozana, mkati mwa microwave kapena pa nthambo ya mumsewu, imani. Mukamatumiza sola kumudzi, muwerengere limodzi ndalama ya mmisiri amene ali ndi chilolezo, cha MERA ngati ndi ku Malawi, ndipo mupemphe zithunzi za polumikizira ponse, osati za mapanelo okha. Ndipo mukaona munthu wagwidwa ndi nyesi, musamugwire. Thimitsani magetsi kaye ndi kuitana ambulansi, ndipo ngati ndi nthambo ya mumsewu, khalani kutali.

Ngati manja anu akuyabwabe, imeneyo ndi ntchito ikukuitanani. Amisiri a magetsi ndi a sola akufunidwa kulikonse kumene tili, ndiponso kwathu. Lembetsani maphunziro a zaumisiri, gwirani ntchito pansi pa munthu wodziwa, tengani satifiketi yanu. Pamenepo banja likadzakuitanani kuti mukwere padenga, mudzakwera ndi zida zoyenera, ndipo amayi anu adzagona tulo pansi pa denga limenelo.