Manyazi a inswa tawaphunzitsa ndife

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, inswa zimaunjikana pansi pa nyali za m'makhonde m'dera la Airport ku Livingstone. Kale mwana ankathamangira beseni la madzi. Lero ambiri amathamangira tsache, ndipo kukacha ndiwo yaulere ili kudzala.

Nyuzipepala ino siikuimba mlandu ana. Mwana sabadwa akunyansidwa ndi chakudya cha kwawo. Amaonera pankhope ya wamkulu.

Makolo, mlanduwu ukuyambira pa inu. Mumagula vinkubala pa msika wa Maramba n'kuvibisa pansi pa dengu ngati katundu wakuba. Mlendo akafika mumapepesa kuti "lero tilibe ndiwo," chonsecho mbale ya inswa zokazinga ili pomwepo. Mwana amamva, ndipo saiwala.

Aphunzitsi, nanunso simupulumuka. Mwana amatsegula kambale kake pa nthawi yopuma, anzake n'kutseka mphuno, n'kumutcha wakumudzi, inu muli duu. Mawa lake mwanayo amalirira ndalama ya tizakudya ta m'mapepala, todzaza mchere ndi utoto, tosamanga thupi.

Kunyada kumeneku tikukuchita m'dziko lanji? Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mu Zambia ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo chigawo chakumwera chino chinali m'gulu la madera amene chimanga chinapserera. Vinkubala vouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi, komanso vimawonjezera magazi. Banja limene nyama imalowa pakutha pa mwezi pokha lilibe chifukwa chophunzitsira mwana kukana ndiwo yotere.

Bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena kale mu 2013 kuti anthu osachepera 2 biliyoni amadya zouluka ndi zokwawa za mitundu yoposa 1,900. Kutsidya kwa mlatho, m'tauni ya Victoria Falls, mzungu amalipira madola kuti alawe chinkubala chimodzi, ndipo amapatsidwa setifiketi yokaonetsa kwawo. Ndege zobweretsa ena mwa alendo amenewa zimatera pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, ana athu akuziona. Mlendo akujambulitsa ndi chimene mwana wa pano waphunzitsidwa kulavula.

Ndiye pali mitengo ya tsanya, imene vinkubala vimadya masamba ake. Ikuthera m'mauvuni a makala, matumba akulowa m'tauni panjinga dzuwa likuswa mtengo. Vinkubala vikasowa mtengo wake umakwera, ndipo mwana amakula osavilawa n'komwe.

Bungwe loona za kadyedwe koyenera la National Food and Nutrition Commission lakhalapo kuyambira 1967. Tikufuna kumva mawu ake m'makalasi a ku Airport inswa za chaka chino zisanauluke. A nthambi ya zankhalango nawonso atiuze kuti tsanya watsala wochuluka bwanji, ndipo akumulondera ndani.