Nyumba za sukulu ndi zipatala ziyezedwe chivomerezi chisanabwere

Mukamagula mphika wadothi pamsika mumaugogoda kaye. Wabwino umalira momveka, koma wong'aluka umalira mogontha ngakhale mng'aluwo usakuoneka. Akatswiri a zomangamanga amamvetsera nyumba mwanjira yomweyo.

Nyumba iliyonse imanjenjemera pang'onopang'ono usana ndi usiku chifukwa cha mphepo, galimoto zodutsa ndi mapazi a anthu. Inu simungamve, koma timakina totchedwa accelerometer, tikaikidwa pansi ndi pamwamba pa nyumba, timajambula kunjenjemerako n'kutumiza pa kompyuta. Nyumba yaifupi yolimba imanjenjemera mofulumira, kangapo pa sekondi imodzi. Yosanjikizana kakhumi imayendera pafupifupi kamodzi pa sekondi. Makoma akang'aluka kapena maziko akafooka, nyumba imalobodoka ndipo liwiro lija limatsika.

Nkhani yagona apa: kuti mudziwe kuti latsika, muyenera kudziwa pomwe linali. Inu amene mumathandiza kusikelo ya ana mukudziwa kuti kulemera kwa mwana lero kumamveka bwino mukayerekeza ndi zomwe zinalembedwa pakhadi mwezi watha. Nyumba nayo imafuna khadi lake. Kuiyeza koyamba chivomerezi chitadutsa kale kumathandiza pang'ono chabe.

Musaganize kuti izi ndi za ku Japan kokha. Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, momwe nthaka imang'ambika pang'onopang'ono. Mu Malichi 1989 chivomerezi chinapha anthu ku Salima, ndipo mu Disembala 2009 zivomerezi zotsatizana zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri ku Karonga.

Makinawa alinso ndi malire ake. Sangakuuzeni ngati mmisiri anaba simenti, kapena ngati pamwamba pa khoma pali lamba wa konkire ndi zitsulo uja amati ring beam. Izi zimafuna maso a injiniya. Ndipo sitinganene kuti nyumba iliyonse ya m'mudzi iyezedwe. Ndalama zake kulibe. Koma chipatala, komwe ovulala adzathamangire, ndi sukulu, komwe ana mazanamazana amakhala pansi pa denga limodzi, n'zoyenera kuyamba.

Pamsonkhano wa komiti ya sukulu kapena ya chipatala, funsani kuti nyumbayo inaunikidwa liti, ndipo ndi ndani. Mukaona mng'alu wopendekeka wochokera pakona ya zenera kapena ya chitseko, ujambuleni pafoni, lembani tsiku, ndipo kauzeni a ofesi ya zomangamanga kukhonsolo wina asanaumate ndi kupaka penti.