Zimene chipatala chaphunzira zibwerere kwa eni ake

Mayi wa ku Mughese, m'mapiri a Misuku, akapita ndi mwana wodwala malungo ku chipatala amasiyako zambiri kuposa zimene iye akudziwa. Dzina, mudzi, zaka za mwana ndi mankhwala amene walandira, zonsezi zimalowa m'kaundula. Mwezi ukatha ziwerengero zimatsikira ku Chitipa boma, ndipo kuchokera uko zimakafika ku Unduna wa za Umoyo ku Lilongwe.

Ife sitikutsutsa zimenezi, pakuti dziko lino lapindula nazo kwambiri. M'chaka cha 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka mankhwala a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachirombo ka HIV, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Makaundula a m'zipatala zathu anasonyeza kuti njirayi ndi yotheka, ndipo bungwe la WHO linailimbikitsa m'maiko ena. Koma makaundula omwewo anaululanso kuti ena mwa amayi amene anayamba mankhwala pa tsiku limene anamva zotsatira za magazi ao sanabwerenso. Chiwerengero chinangonena kuti amayi asowa. Chifukwa chake anali nacho eni ake, ndipo chinadziwika pamene anthu anapita kukawafunsa.

Wofufuza asanayambe ntchito yake ayenera kulandira chilolezo kwa komiti ya National Health Sciences Research Committee, kapena ina yonga iyo, ndiponso kwa munthu amene akuyesedwayo. Anansi athu a ku Karonga amaudziwa bwino kafukufuku wotere: pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera, ndipo mu 1996 zinalengezedwa kuti BCG wachiwiri amachepetsa khate ndi theka koma sateteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Koma kaundula wa tsiku ndi tsiku sapempha chilolezo kwa wina aliyense. Wodwala amabwera kudzachira, osadziwa kuti iyenso ali mphunzitsi wa madokotala.

Nanga amuuza m'chinenero chiti? Ku Misuku anthu amayankhula Chisukwa ndi Chindali, pamene mapepala a chipatala ali m'Chingerezi, ena m'Chichewa. Gogo amene wangogwedeza mutu pofuna kulemekeza namwino sitinganene kuti wavomera.

Za chinsinsi nazonso tisazipepuse. Ku Lilongwe "wodwala mmodzi" ndi nambala chabe, koma m'mudzi wa nyumba zowerengeka aliyense amadziwa kuti mmodziyo ndani. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu linakhazikitsidwa mu 2024. Ubwino wake udzaoneka pokhapokha kaundula akaleka kusiyidwa chotsekula pa tebulo, pamaso pa anthu amene ali pa mzere.

Chimene chikutidandaulitsa koposa ndi chakuti ziwerengero zimatsika phiri koma kawirikawiri yankho silikwera. Tikupempha akuluakulu a za umoyo m'boma la Chitipa kuti miyezi itatu iriyonse adzifotokozera mafumu ndi komiti ya chipatala, m'chinenero cha anthuwo, zimene makaundula asonyeza ndi zimene zasinthidwa chifukwa cha zimenezo. Alangizi a za umoyo atengere uthengawo m'midzi. Aphunzitsi nawo, amene makolo amawamvera, awuwerenge pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo mafunso amene makolo afunse alembedwe ndi kutumizidwa ku Chitipa pamodzi ndi ziwerengero za mwezi umenewo.