John Lynch analakwitsa mtengo wa Trey Lance, koma Brock Purdy sanamutole panjira

Kuchokera mu Ogasiti 2023, pamene timu ya San Francisco 49ers inagulitsa Trey Lance ku Dallas Cowboys, pali mawu amene akhala akubwerezedwa pakati pa otsatira mpira wa ku America wa NFL mpaka ena kuyamba kuwatenga ngati choonadi chosatsutsika. Akuti John Lynch, manijala wamkulu wa timuyi, alibe diso losankhira osewera. Akuti anamwaza chuma cha timu pa mnyamata amene sanapindule, ndipo akanachotsedwa ntchito kalekale chikhala kuti mwayi sunamugwetsere Brock Purdy m'manja. Ife sitikugwirizana nawo mawu amenewa. Lynch analakwa ndithu, ndipo tiloza pamene analakwira, koma muyeso umene akumuyesera ndi wokhota.

M'ligi imeneyi osewera atsopano sagulidwa mmene zimakhalira ku Ulaya. Chaka chilichonse pamakhala mwambo wotchedwa draft, pamene matimu onse 32 amasankha mosinthana anyamata ochokera m'makoleji, m'ndime 7, ndipo timu imene inachita moipa kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba. Malo osankhirawa matimu amatha kusinthanitsana. Mu Malichi 2021 a 49ers anali pa nambala 12. Kuti afike pa nambala 3 anapatsa Miami Dolphins malo awowo, kuwonjezapo malo a m'ndime yoyamba a 2022 ndi 2023, komanso amodzi a m'ndime yachitatu. Zonsezi anachita pofuna quarterback, wosewera amene amalandira mpira poyamba n'kuuponyera anzake, yemwe timu yonse imadalira mutu ndi dzanja lake. Anasankha Lance wa ku North Dakota State.

Mnyamatayu sanamutole kuthengo. Mu 2019 timu yake ya kukoleji inapambana masewero onse 16, iye ataponya mipira 28 yogoletsa popanda ndi umodzi womwe wogwidwa ndi adani. Vuto linali loti mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, anangosewera kamodzi kokha. Atafika ku San Francisco anavulala chala ligi isanayambe. Chaka chotsatira anamupatsa timu kuti aitsogolere, koma pa sewero lachiwiri lokha, mu Seputembala 2022, akumenyana ndi Seattle Seahawks, anathyoka kakolo. Masewero amene anayamba nawo atavala yunifolomu ya 49ers ndi 4 basi. A Dallas anamutenga popereka malo amodzi a m'ndime yachinayi.

Purdy naye anamusankha pa nambala 262 mu 2022, womaliza penipeni pa onse. Anali wachitatu pamzere wa ma quarterback. Lance atathyoka analowa Jimmy Garoppolo, amenenso anathyoka phazi mu Disembala pa sewero lawo ndi Miami, ndiye mpira unagwera Purdy. Anapambana masewero 5 a ligi amene anayamba nawo chaka chimenecho, ndi ena 2 a mpikisano wa opambana okhaokha. Mu Febuluwale 2024 anafikitsa timu ku Super Bowl, sewero lomaliza lolimbirana chikho, kumene inagonja 25-22 kwa Kansas City Chiefs mu nthawi yoonjezera.

Otsutsa Lynch amati Purdy unali mwayi chabe. Chabwino, tiwavomere pang'ono: a 49ers eni ake anasankha anyamata 8 chaka chimenecho asanafike pa dzina lake, ndipo munthu amene akudziwa kuti wapeza golide sadikira chonchi. Koma ngati zabwino zimene zinachitika mosayembekezeka sitikumuwerengera, n'chifukwa chiyani zoipa zimene zinachitikanso mosayembekezeka tikumusenzetsa zonse? Kakolo wa Lance sanathyoledwe ndi Lynch. Simungatenge sikelo imodzi poyeza tsoka n'kutenganso ina poyeza mwayi, kenako n'kunena kuti mwaweruza mwachilungamo.

Ndipotu nkhani ya Purdy ili ndi mbali imene amailumpha. Ligi ya 2022 isanayambe, timu inayenera kudula osewera kuti atsale 53. Panali Nate Sudfeld, quarterback wodziwa kale ligi, amene anali atamutsimikizira madola 2 miliyoni, asewere asasewere. Lynch ndi mphunzitsi Kyle Shanahan anaonerera Purdy pa bwalo lokonzekera tsiku ndi tsiku, anaona mmene amatulutsira mpira msanga ndi mmene amawerengera adani, zomwe anazizolowera zaka 4 zimene anatsogolera Iowa State, ndipo analola kuti ndalamazo zipite, namusiya Sudfeld. Apa panalibe maere. Anthu anakhala pansi, anayang'ana, anasankha. Akanaumirira ndalama, Purdy akanatha kutengedwa ndi timu ina iliyonse. Chaka chotsatira anachitanso chinthu chimene mamanijala ambiri amachiopa: anavomera pamaso pa dziko kuti Lance sanali munthu wawo, m'malo momukakamira pabwalo kuti abise manyazi.

Amene amati Lynch akanasankha wina mu 2021 atiuze kuti ndani. Chaka chimenecho ma quarterback 5 anatengedwa m'ndime yoyamba: Trevor Lawrence, Zach Wilson, Lance, Justin Fields ndi Mac Jones. Pofika pakati pa 2024 ndi Lawrence yekha amene anali akadali ku timu imene inamusankha. A New York Jets, a Chicago Bears ndi a New England Patriots, aliyense ndi akatswiri ake oyendayenda m'makoleji, onse anagwa m'dzenje lomwelo. Akatswiri awiri a ku America, Cade Massey ndi Richard Thaler, atafufuza zotsatira za draft za zaka zambiri, anapeza kuti wosewera amene wasankhidwa patsogolo amaposa mnzake wotsatira wa malo omwewo pafupifupi ka 52 pa 100. Ndiye kuti ngakhale anthu amene ntchito yawo yonse ndi imeneyi amangoposa pang'ono munthu woponya ndalama m'mwamba. Kuweruza manijala ndi dzina limodzi, labwino kapena loipa, n'kuweruza mphepo.

Koma kafukufuku yemweyu ndi amene akumugwira Lynch pamene analakwiradi, ndipo pamenepa sitimuikira kumbuyo. Ngati kusankha n'kosadalirika chonchi, nzeru ndi kuchulukitsa mipata yosankhira, osati kuiunjika pa munthu mmodzi. Iye anatenga mbewu za zaka zitatu n'kuzithira m'phando limodzi, pa mnyamata amene anali atangoyamba masewero 17 okha kukoleji. Cholakwacho chinachitika mu Malichi, tsiku limene anagwirizana mtengo ndi a Miami, dzina la Lance lisanatchulidwe n'komwe. Ngakhale Lance akanakhala katswiri, mtengowo ukanakhalabe wokwera mosayenera. Ameneyu ndiye mlandu woona, ndipo ndi wosiyana kwambiri ndi kunena kuti munthuyu sadziwa mpira.

Palinso zolakwa zina. Mu 2017, chaka chake choyamba, anasankha Solomon Thomas pa nambala 3, Patrick Mahomes akadalipo, yemwe anapita ku Kansas City pa nambala 10 n'kudzawagonjetsa kawiri mu Super Bowl. Reuben Foster, wa m'ndime yoyamba chaka chomwecho, anamuchotsa mu 2018. Javon Kinlaw wa 2020 sanafike pamene ankayembekezera.

Tsopano tiike mbali inayo pa sikelo yomweyo. Lynch anabwera kumayambiriro kwa 2017 kuchokera pa ntchito youlutsa masewero pa wailesi yakanema, n'kupeza timu imene inali itapambana masewero 2 okha mwa 16. Chaka chomwe chija cha Thomas anapeza George Kittle m'ndime yachisanu. Mu 2018 anapeza Fred Warner m'ndime yachitatu. Mu 2019 anabweretsa Nick Bosa, Deebo Samuel ndi Dre Greenlaw, womalizayu wa m'ndime yachisanunso, monganso Talanoa Hufanga mu 2021. Kupeza katswiri mmodzi kumapeto kwa mndandanda mukhoza kukutcha mwayi. Kuwapeza chaka ndi chaka kumasonyeza kuti pali anthu amene akudziwa mtundu wa wosewera amene masewero a Shanahan amafuna, ndipo manijala akuwamvera. Ngakhale Purdy sakanawala chonchi akanafikira m'timu yopanda Kittle, Samuel, Trent Williams ndi Christian McCaffrey, awiri omalizawa atabwera kudzera m'malonda amene Lynch yemweyo anapanga.

Timu imene inali pafupi ndi pansi penipeni mu 2016 inafika ku Super Bowl kawiri, mu 2020 ndi mu 2024, ulendo wachiwiriwu itataya kale malo atatu a m'ndime yoyamba pa munthu amene sanaithandize. Chikho sichinabwere, ndipo ochemerera ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati osewera awiri kapena atatu amene anatayika pa malonda a Lance sakanasintha sewero limene linatha ndi kusiyana kwa mapointi 3. Funso limenelo ndi lolemera, ndipo Lynch ayenera kuliyankha nthawi iliyonse imene angaganize zokweranso pamndandanda ndi malo a zaka zam'tsogolo.