Mlandu wa Admiral Pound

Alipo anthu amene amati, Wokhala pamtunda asaweruze mlandu wa panyanja. Mau awa akoma m'khutu, koma tikawabvomera, palibe mkuru amene adzafunsidwa kanthu pa miyoyo imene anaitaya. Tiyeni tsono, owerenga inu, tiyese mlandu umodzi.

M'mwezi wa June 1942 zombo 35 za akatundu zinacoka ku Iceland kunka ku Russia, zitasenza zida za nkhondo. Dzina la ulendowo ndilo PQ 17, ndipo zombo zankhondo zinali kuziperekeza. Pa 4 July, Admiral Sir Dudley Pound, mkuru wa nkhondo ya panyanja ya Angelezi, ali ku London, anaopa kuti Tirpitz, combo cacikuru ca Ajeremani, caturuka ku Norway kudzazithira nkhondo. Pamenepo analamula kuti zombo zazikuru zoperekeza zibwerere, ndi zakatundu zibalalike, ciri conse cidziyendere cokha. Koma Tirpitz cinali cisanacoke padooko tsiku lomwelo. Ndege za Ajeremani ndi zombo zao zoyenda pansi pa madzi zinasaka zobalalikazo cimodzi cimodzi, monga fisi asaka mbuzi zopanda mbusa. Pa ulendo wonsewo zombo 24 zinamira, 11 zokha zinafika, ndipo amalinyero 153 anafa.

Omkanira amati, Sanadziwe kumene kunali Tirpitz. Ndiponso anali munthu wolema ndi nchito, amene anamwalira m'caka ca 1943 ndi cotupa ca m'ubongo. Izi nzoona, ndipo sitimtsutsa cifukwa ca mantha ace, pakuti combo cija cinali coopsa ndithu.

Mlandu wace ndi uwu. Admiral Tovey adamcenjeza kale kuti kubalalitsa zombo ndiko kuzipereka kuimfa. Norman Denning, amene anali kulondola mayendedwe a zombo za Ajeremani, anamuuza kuti sakhulupira kuti Tirpitz caturuka. Akuru amene anawaitana kuupo madzulo amenewo, pafupifupi onse anakana. Iye anawamva onse, nacita zace. Kodi aphungu anawaitaniranji? Makolo athu anati, Mutu umodzi susenza denga.

Wopunthwa mumdima timcitira cisoni. Koma wokana nyali imene anzace ampatsa, pamene atsogolera ena, ayenera kufunsidwa. Kukhala cete pa mlandu wotere sindiko kulemekeza mkuru, koma kunyoza anthu amene anafa pomvera lamulo lace.