Pulogalamu isamatiganizire deti

Oyamba kumene kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amapatsidwa kantchito kooneka kophweka: munthu alembe deti, pulogalamu ione ngati detilo lilipodi, kenako ililembe mwa njira ina. Anzanga a sayansi amati n'zachibwana. Ine, amene ndikuphunzira mbiri yakale, ndikuti kantchitoka kali ndi mfundo yaikulu: pulogalamu ikakayikira, izifunsa, osati kumuganizira munthu.

Taonani 03/04/2024. Kwathu kuno ndi pa 3 Epulo, pomwe ku America ndi pa 4 Malichi. Onsewa ndi madeti enieni, choncho palibe cholakwika chimene pulogalamu ingagwire. Ikangosankha yokha mwakachetechete, wina adzapeza kuti tsiku lomaliza kutumiza fomu ya sikolashipu linadutsa mwezi watha. Kalembedwe ka ISO 8601, kamene kanatuluka mu 1988, kamayamba ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku: 2024-04-03. N'kabwino ndithu, koma sikangakuuzeni zomwe wolembayo amatanthauza.

Febuluwale ndiye amapunthwitsa ambiri. Amakhala ndi masiku 29 ngati chaka chikugawika ndi 4, kupatula zaka zogawika ndi 100 zimene sizigawika ndi 400. N'chifukwa chake 2000 anali ndi 29 Febuluwale koma 1900 analibe. Lamuloli linabwera ndi kalendala ya Papa Gregory XIII mu 1582, chaka chimene anthu a ku Rome anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15. Ngakhale akuluakulu amaphonya: mpaka lero Excel imavomereza 29 Febuluwale 1900, tsiku lomwe silinakhaleko, pofuna kugwirizana ndi pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3.

Zilankhulo za kompyuta nazo zimasiyana khalidwe. Mukaipatsa Python 30 Febuluwale 2023, imakana poyera. Date ya JavaScript, mukailowetsera manambala omwewo, imangopitiriza kuwerenga n'kukupatsani 2 Malichi, osanena kanthu. Ine ndili mbali ya Python. Zoona, uthenga wokukana umatopetsa, makamaka bando ikutha, komabe deti labodza likalowa m'kaundula limakhala mmenemo zaka zambiri, ndipo kukalikonza ndi ulendo wa ku ofesi.

Koma kukana kokha sikukwanira, ndipo apa aphunzitsi a kompyuta sachedwapo. Alipo agogo ambiri amene amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949. Mwezi sadziwa, tsiku sadziwa. Fomu ikamaumirira zonse zitatu, kalaliki amangopeka, kaya 1 Januwale, kuti mzere uyende. Pulogalamu imalandira mosangalala poti detilo lilipodi pa kalendala, chonsecho ndi bodza, ndipo wofufuza wa mtsogolo adzalitenga ngati umboni. Ndikanakhala ine wopereka ntchitoyi m'kalasi, ndikanawonjezera mzere umodzi: pulogalamu ilole chaka chokha, ndipo isunge chizindikiro choti mwezi ndi tsiku sizikudziwika.